Bambo amene ankawerenga ndowe za njovu ku Kasungu

 Ndikufuna tikambirane za katswiri wina wa za nyama zakutchire amene dzina lawo silipezeka m'mafunso a MSCE, chonsecho zaka zambiri za ntchito yawo anazithera kuno kwathu, m'nkhalango ya Kasungu. Ndikunena Dr Richard Bell, amene m'mabuku a sayansi amalembedwa kuti R.H.V. Bell. Ophunzira za chilengedwe m'mayunivesite a kunja amalidziwa dzinali, pomwe mwana wa ku Kasungu amene makolo ake amagona kumunda kulondera chimanga sanalimvepo.

Ine ndinalimva koyamba ndikuchita dipuloma ya zauphunzitsi. Aphunzitsi athu analemba pa bolodi mawu oti Jarman-Bell principle, ife n'kukopera monga tinkakoperera za Darwin ndi Mendel. Patapita zaka, ndikukonzekera ulendo wa kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, ndinapeza kuti Bell wa pa bolodi uja ndi yemweyo amene mu 1981 anasindikiza dongosolo la kasamalidwe ka paki ya Kasungu. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutolera zolemba zawo paliponse pamene ndazipeza. Chimene ndaona m'menemo ndi munthu amene sankakhulupirira kungoyang'ana ndi maso. Chilichonse ankafuna achiwerenge, ndipo kuwerengako ndi kumene kunawachotsa pa udzu n'kuwafikitsa pa anthu.

Tiyambe ndi kumene iwo anayambira. M'zaka za m'ma 1960 a Bell anali wophunzira wachinyamata ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, ndipo kafukufuku wa kumeneko ndi amene anawapatsa digiri ya udokotala ku yunivesite ya Manchester mu 1969. Funso lawo linali losavuta kumva. Malo amodzi pali mbidzi, nyumbu ndi tiagwape ta mtundu wa Thomson's gazelle, zonse zambirimbiri, zonse zoweramira pansi pamodzimodzi. Nanga bwanji sizimalizirana chakudya? Wongoyang'ana patali anganene kuti zonsezo zikudya udzu, nkhani n'kuthera pomwepo. A Bell ndi mnzawo M.D. Gwynne anatenga zam'mimba mwa nyamazo n'kumazisanthula pang'onopang'ono, kusiyanitsa tsamba la udzu, phesi lake ndi zitsamba zina zosakhala udzu. Zotsatira zinatuluka mu 1968 m'magazini ya sayansi ya Nature. M'mimba mwa mbidzi munali mapesi ambiri, mwa nyumbu munachuluka masamba, pomwe kagwape kaja kankasankha zanthete ndi zitsamba zopatsa thanzi.

Atalondola kayendedwe ka nyamazi mvula ikatha, anaona kuti zimatsatana. Mbidzi imalowa koyamba m'udzu wautali, nyumbu pambuyo, kagwape pomalizira. Mbidzi sibzikula, ndipo chakudya chimadutsa msanga m'mimba mwake, kotero imakhala ndi moyo pa chakudya chosakoma bola chikhale chambiri. Ikadya ndi kupondereza mapesi, masamba apansi amaonekera, nyumbu n'kupeza pabwino. Nyumbu ikameta, pamaphuka msipu ndipo tizitsamba tija timakhala poyera, kagwape n'kufika. Zoti nyama zimatsatana chonchi anali atazilemba kale Vesey-FitzGerald mu 1960 za ku chigwa cha Rukwa, koma a Bell ndi amene anafotokoza chifukwa chake pogwiritsa ntchito kapangidwe ka mimba ndi kukula kwa thupi. Nkhani yawo ya mu 1971 m'magazini ya Scientific American inafikitsa maganizowa kwa anthu ambiri, ndipo analowa m'mabuku ophunzitsira.

Apa ndi pamene panachokera mawu a pa bolodi aja. Aphunzitsi a masamu, mverani bwino, pakuti pali chitsanzo chokoma cha ma indices. Mphamvu imene thupi limafuna sikwera molingana ndi kulemera kwake. Imakwera motsatira kulemerako kutakwezedwa ku 0.75. Nyama yolemera ka 16 kuposa inzake imafuna mphamvu ka 8 kokha, koma mimba yake imakula pafupifupi ka 16. Ndiye kuti yaikulu ili ndi nkhokwe yaikulu poyerekeza ndi zimene ikufuna, ndipo ikhoza kudzaza nkhokweyo ndi zakudya zachabechabe n'kukhalabe bwino. Yaing'ono ilibe mwayi umenewo, iyenera kusankha. Aliyense amene anawetako amazidziwa. M'chilimwe ng'ombe imatafuna mapesi ouma a chimanga, pomwe mbuzi imayendayenda kufuna nsonga ndi nyemba za mitengo. Katswiri wina, Peter Jarman, anafika pa mfundo yomweyi pofufuza za agwape a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mu 1974 Valerius Geist anaitcha mfundoyi mayina a awiriwa. Kuyambira apo ena aigwiritsa ntchito pofotokoza kadyedwe ka anyani, mpakanso ka nyama zikuluzikulu zimene zinatha kalekale.

Kodi a Bell analondola pa zonse? Sayansi sisiya munthu kuti apume. Ofufuza a m'zaka zaposachedwapa aonetsa kuti mwayi wa nyama yaikulu wagona kwambiri pa kudya zambiri kusiyana ndi kugaya bwino. Ndipo mu 2024 gulu lotsogozedwa ndi T. Michael Anderson linasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za ku Serengeti komweko, atagwiritsa ntchito makamera otchera m'tchire, makolala a GPS ndi DNA ya zomera yopezeka m'ndowe. Anapeza kuti kutsatana kuja kulipodi. Koma mbidzi imatsogola makamaka pothawa kupikisana ndi chikhamu cha nyumbu, pomwe kagwape kamatsatiradi nyumbu chifukwa cha msipu umene zimasiya. Mbali ina inatsimikizika, ina inakonzedwa. Ophunzira anga akale, mukamamva zoti katswiri wakuti ntchito yake inapita patali, tanthauzo lake ndi limeneli: patatha zaka zoposa 50 anthu akuonabe kuti funso lake n'loyenera kulitayira ndalama ndi nthawi.

Atachoka ku Serengeti a Bell anapita ku Zambia, kumene anafufuza za nyama ya m'madambo yotchedwa lechwe ku Bangweulu pamodzi ndi J.J.R. Grimsdell. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anali ku Kasungu, akugwira ntchito ya kafukufuku m'nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Paki imeneyi ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, yaikulu ndi ya Nyika, ndipo ndi ya makilomita oposa 2,000 m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Anthu amene ankakhala m'menemo anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo inakhala paki mu 1970. Mwa mawu ena, malire ake anadulidwa pa malo amene kale anali midzi ndi minda ya anthu, ndipo izi tizikumbukire kutsogoloku.

Amene munapitako ku Lifupa mukukumbukira dandaulo la ana asukulu. Amayenda mtunda wautali m'galimoto akungoona mitengo ya mombo ndi mchenga, nyama osaoneka, kenako amafunsa kuti, aphunzitsi, zija timaona pa TV zili kuti? Yankho lake a Bell analilemba mu 1982. Anati kuchuluka kwa nyama sikudalira mvula yokha, kumadaliranso chonde cha m'nthaka. Kumene dothi ndi lachonde, monga ku zigwa za Serengeti ndi m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, udzu umakhala wopatsa thanzi ndipo nyama zapakatikati zimachuluka. M'nkhalango za miombo mvula imagwa yambiri koma dothi ndi lakale ndi lokokoloka chonde, udzu umatalika msanga n'kuuma ngati wofolerera nyumba. Malo otere amasunga nyama zochepa, ndipo zimene zimapirira ndi zikuluzikulu monga njovu ndi njati, kapena zodziwa kusankha monga mphalapala ndi chilembwe. Ndi mfundo ija ya mimba ndi kukula kwa thupi, koma tsopano yaikidwa pa mapu. Kasungu sanalengedwe kuti akhale Serengeti, ndipo mwana akamvetsa zimenezi amabwerako ku ulendo ataphunzira kanthu, ngakhale ataona nyama zitatu zokha.

Nkhalango yowirira imabweretsanso vuto lina: njovu uziwerenga bwanji? Pa chigwa choyera ndege imathandiza, koma pansi pa mitengo zambiri zimabisika. A Bell ndi mnzawo Hugo Jachmann anatembenukira ku chimene njovu singabise, ndowe. Njovu imachita chimbudzi kopitirira ka 10 pa tsiku. Ukayenda m'mizere yoyezedwa bwino n'kuwerenga milu ya ndowe, ukadziwanso kuti njovu imodzi imasiya milu ingati pa tsiku ndi kuti mulu umatenga masiku angati kuti uwole, ukhoza kupeza chiwerengero cha njovu ndi malo amene zimakonda. Anaonetsanso kuti kukula kwa mbulu ya ndowe kumasonyeza msinkhu wa mwini wake, ndiye kuti tepi yoyezera ingakuuze ngati m'gulumo muli ana ambiri kapena nkhalamba. Analemba za njirayi mu 1979 n'kuikonzanso mu 1984. Kuwerenga ndowe mpaka lero ndi imodzi mwa njira zodalirika zowerengera njovu m'nkhalango zowirira za mu Africa. Taganizirani, munthu wa digiri ya udokotala atagwada m'tchire ndi tepi, akuyeza ndowe padzuwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Awiriwa anafunsanso chifukwa chimene njovu zimagwetsera mitengo. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankaona kugwetsako ngati kuononga chabe, ndipo m'maiko ena ankapha njovu zambiri pofuna kuteteza nkhalango. Ku Kasungu iwo anaona kuti mitengo ya miombo ikathyoledwa nthawi zambiri siifa. Imaphukira, ndipo mphukirazo zimakhala pa msinkhu umene njovu imafikira bwino, kotero zimabwerera pomwepo kudzadya. Mlimi amene amadulira mitengo ya m'munda mwake sangadabwe nazo.

Kuwerenga sikunathere pa nyama. A Bell anakonza njira yoti agemu akapita kukalondera azilemba masiku amene ayenda, dera limene ayenda ndi chilichonse chimene akumana nacho: misampha, misasa ya opha nyama mozembera, kulira kwa mfuti, mitembo ya njovu. Cholinga chake tikhoza kuchimvetsa ife aphunzitsi. Mphunzitsi amene sayendayenda pa nthawi ya mayeso sagwira wobera ndi mmodzi yemwe, koma sizitanthauza kuti kubera kwatha. Chimodzimodzi chiwerengero cha misampha yopezeka sichinena kanthu pachokha mpaka uchigawe ndi masiku amene alonda anayendadi. Njirayi inakagwiranso ntchito ku Luangwa, ndipo alonda a masiku ano amene amalemba zimenezi pa timakina ta GPS akutsata ganizo lomwelo.

Kenako anaoloka malire a paki n'kulowa m'minda. Anayeza mbewu zoonongedwa ndi nyama, kutalika kwa minda kuchokera pa malire, ndi mitundu ya nyama zimene zikuononga. Mu 1984 ku Kasungu kunachitika msonkhano wa akatswiri a nyama zakutchire mothandizidwa ndi bungwe la Peace Corps, ndipo zokambidwa zake zinatuluka m'buku lalikulu limene a Bell anakonza ndi Erica McShane-Caluzi. M'bukumo muli mutu wawo wokhudza kuonongeka kwa mbewu, ndipo olemba za mkangano wa anthu ndi njovu akhala akuutchula kwa zaka zambiri. Mu 1987 analemba nkhani yotchedwa Conservation with a human face, m'buku lokonzedwa ndi David Anderson ndi Richard Grove. Mfundo yake inali yowawa kwa anzawo ena. Anati phindu la mapaki limapita kwambiri kwa anthu akutali, a m'tauni ndi akunja, pomwe mtengo wake amalipira ndi anthu a m'midzi yoyandikana nawo, kudzera m'malo amene analandidwa, zinthu zimene analetsedwa kutola, mbewu ndi miyoyo. Ankanenanso kuti pali mafunso a mitundu iwiri. Funso loti njovu zilipo zingati ndi la sayansi. Funso loti tikufuna njovu zingati, ndipo ndani apirire nazo, ndi la zokonda ndi chilungamo, ndipo wasayansi alibe ufulu woliyankha yekha atabisala kuseri kwa manambala.

Mfundo imeneyi ine imandikhudza chifukwa ndinaphunzitsapo zaka zingapo pa sukulu ina yapafupi ndi malire a paki. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo, chimanga chikamakhwima, anyamata ena a Fomu 3 ankawodzera pa phunziro loyamba lenilenilo. Ukafunsa mofatsa umamva kuti anachezera pa nsanja kumunda, akusonkha moto ndi kuimba zitini. Tulo timeneto sitilembedwa m'lipoti lililonse la zoonongeka, koma timaonekera pa zotsatira za mayeso. Ndikawerenga a Bell ndimaona munthu amene anazindikira kuti mnyamata wowodzera uja ndi mbali ya kafukufuku wa njovu, mofanana ndi ndowe ndi mitengo yothyoka.

Mu 1986 anapita kukayesa maganizo awo ku Zambia, kumene anatsogolera pamodzi ndi Fidelis Lungu ntchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project, ndi thandizo la dziko la Norway komanso Pulezidenti Kenneth Kaunda. Cholinga chinali chakuti gawo la ndalama zochokera ku nyama lizibwerera kwa anthu a m'dera la Lupande. Kupha njovu mozembera kunachepa m'deralo. Koma ofufuza ena anaona kuti ndalama zimene zinkadutsa m'manja mwa atsogoleri sizinkafika mokwanira pa banja lililonse, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1990 kagawidwe kanasinthidwa kuti midzi izilandira ndi kugawa yokha. Kulemba kuti anthu apindule n'kosavuta, kukhazikitsa njira yoti mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi alandiredi gawo lake ndi nkhani ina.

Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma ometa otsalira ndi eni mudzi. Mbali ya nkhaniyi imene ndimainyadira ndi yakuti akatswiri a Chimalawi anapitiriza mafunso amenewa ku Kasungu komweko. Mu 1992 Simon Munthali ndi mnzake Mughogho analemba za phindu limene mabanja oyandikana ndi pakiyi angapeze poweta njuchi ndi kutola matondo m'nkhalangomo. Mu 1994 Francis Mkanda ndi Munthali anasindikiza zimene anthu ozungulira pakiyi ananena za maganizo ndi zosowa zawo. Mayina amenewa ndi oyeneranso kulembedwa pa bolodi.

Nanga lero tili pati? M'zaka za m'ma 1970 ku Kasungu kunali njovu zoposa 1,000. Pofika mu 2015 zinatsala pafupifupi 50 chifukwa cha opha mozembera. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo m'zaka zotsatira manyuzipepala analemba za minda yoonongedwa ndi anthu amene anataya miyoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Ena akusangalala kuti paki yatsitsimuka, ena akulira maliro, ndipo onsewo akunena zoona. Mafunso amene ali pakamwa pa anthu ndi omwe aja a m'ma 1980. Dothi la miombo lingadyetse njovu zingati? Minda iti ili pangozi? Alonda ayenda masiku angati? Phindu likupita kwa yani, ndipo akulipira ndani? Zambiri mwa zimenezi zinafufuzidwa pa nthaka yomweyo, koma zolembazo zili m'Chingerezi chovuta, m'magazini amene kuti uwerenge nkhani imodzi pa intaneti amafuna ndalama zakunja. Nzeru zinatengedwa ku Kasungu n'kukafika ku Cambridge, koma sizinamalize ulendo wobwerera.

Ulendo wobwererawo, anzanga, ukudutsa m'kalasi mwathu. Sitikusowa labotale yodula. Pophunzitsa za kadyedwe ka nyama, tumani ana akayang'ane mbuzi ndi ng'ombe pa dambo kwa ola limodzi, alembe chimene iliyonse ikuluma. Pophunzitsa sampling, ayeze mizere pa malo odyetsera ziweto, awerenge ndowe za ng'ombe, apeze chiwerengero, kenako akafunse mwini khola kuti aone ngati ayandikira. Wa geography afunse chifukwa chimene Liwonde, wa m'mbali mwa Shire, amaonetsa nyama zambiri kuposa Kasungu. Wa social studies akonze mtsutso pa funso loti ndani ayenera kulipira njovu ikadya munda. Ndipo sukulu zoyandikana ndi mapaki zikhoza kusunga kaundula wa minda yoonongedwa: tsiku, mbewu, kukula kwa malo, mtunda kuchokera pa malire. Mfumu ikapita ku msonkhano ndi kaundula wotere imamvedwa mosiyana ndi imene yangopita ndi mkwiyo.

Kwa inu ophunzira anga akale amene muli m'makoleji, makamaka amene mukuchita za nkhalango ndi zachilengedwe, mukafuna mutu wa kafukufuku musayang'ane kutali. Fufuzani zimene Jachmann ndi Bell analemba za mitengo ya ku Kasungu mu 1985, pitani m'nkhalango yomweyo mukayezenso, mutiuze chimene chasintha m'zaka 40. Mukamaliza, lembani kawiri: kamodzi m'Chingerezi kuti akatswiri anzanu akuyeseni, kachiwiri m'Chichewa kuti agogo a kumalire a paki amve chimene mwapeza m'dera lawo. Kope lachiwirilo munditumizireko, ndidzaliwerenga ndi a Fomu 3.